Mmene Eldah Anathamangitsira Magemu Akale ku Lwendulu

Pali ena mwa inu amene mwafika poganiza kuti mutu wanu sugwira kanthu. Mwayesa apa zakanika, mwayesa apo zakanikanso, ndipo anthu ayamba kukulankhulani mwachisoni ngati odwala. Khalani pansi pang'ono, mumve za Eldah Pitala.

Eldah anabadwira ku Lwendulu, m'nyumba za anthu a mumgodi wa malasha ku Hwange, m'dziko la Zimbabwe. Agogo ake anachokera ku Dedza kalekale kudzafuna ntchito. Bambo ake, a Pitala, anagwira ntchito ya zamagetsi mumgodi mpaka anapuma. Mayi ake anamwalira iye ali Fomu 2.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2003 zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka. Eldah analephera kachiwiri. Masamu anagwa, Chingerezi anagwa, sayansi osanena.

Atafika kwawo sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri nakhala pa mulu wa malasha ophikira, diresi lake labwino lomwelo. Bambo ake anatuluka, anamuyang'ana, anamvetsa zonse osafunsa.

"Lowa udye, mwana wanga," anatero.

Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Kufatsa kumeneko ndi kumene kunamuliza, chifukwa ankadziwa kuti bambowo analibenso pena podalira. Mitengo ya zinthu inkakwera sabata ndi sabata, ndipo penshoni yawo inkangosungunuka ngati mchere m'madzi. Munthu amene kale ankaseketsa mzere wonse wa nyumba tsopano ankangokhala pakhonde, duu, kuyang'ana msewu.

Anzake a Eldah anapita kukapitiriza sukulu, ena kukaphunzira unamwino. Iye anapeza ntchito ya m'nyumba ku Baobab, dera la anthu opeza bwino, kwa mayi wina wa Chindebele dzina lake Mai Sithabile. Ankachapa, kukolopa ndi kupukuta fumbi. M'chipinda cha Sifiso, mwana wawo amene ankaphunzira ku Bulawayo, munali kompyuta yovundikira ndi nsalu. Eldah ankaipukuta m'mawa uliwonse, koma sanayerekeze kuiyatsa.

Chaka chisanathe, banja lija linaganiza zosamukira ku Botswana. Tsiku lonyamuka galimoto inadzaza mpaka pamwamba, kompyuta ili pakhonde.

"Thatha, Eldah, tenga," anatero Mai Sithabile, akusakaniza zilankhulo monga mwa masiku onse. "Sifiso akuti ndi yakale, ilibe ntchito. Mwina ugulitsa."

Ntchito inatha tsiku lomwelo. Eldah anasenza bokosi la kompyuta pamutu, sikirini anaibereka kumbuyo ndi chitenje, nayamba ulendo wotsikira ku Lwendulu. Atalowa m'mzere wa kwawo, Mai Rosa, mnansi wawo wogulitsa tomato, anafuula.

"Iwe Eldah! Wabereka liti? Mwanayo mutu wake n'ngwaukulu bwanji!"

Mzere wonse unaseka, ndipo Eldah naye anaseka.

A Pitala ataona nthambo ndi mapulagi, manja awo anayamba kuyabwa. Analumikiza zonse bwinobwino, Eldah nadina batani. Makina analira, sikirini inawala. M'kati munali sidi, kachimbale kosungira zinthu, imene Sifiso anaiiwala. Eldah anadinadina mwamantha mpaka panatuluka mndandanda wa magemu. Anasankha imodzi. Pa sikirini panaoneka anthu awiri ataimirirana, zibakera zili m'mwamba.

A Pitala anadzuka pampando.

"Aa! Awa ndikuwadziwa awa! Anali pa shopu ya a Obedi, m'chimakina chija choponya ndalama. Anyamata ankachita kumenyerana pamenepo!"

Koma gemuyo inkayenda moti munthu ukhoza kupita kukamwa madzi n'kubwerera nkhonya isanafike. Wolumpha ankakhala m'mwamba ngati wakodwa pa chingwe choyanikira zovala. Nyimbo yake inkachita chibwibwi. A Pitala anaseka mpaka misozi.

"Awa ndi madala a penshoni ngati ine," anatero. "Akumenyana mwaulemu."

Eldah anali asanamve kuseka kumeneko kwa nthawi yaitali. Za kugulitsa kompyuta anaziiwalira pomwepo. Anangofuna kudziwa chinthu chimodzi: n'chifukwa chiyani gemu yakale chonchi, imene inkathamanga bwinobwino pa shopu ya a Obedi iye ali mwana, ikukanika pa makina atsopano kuposa amenewo?

Mu sidi muja munali malangizo ataliatali a m'Chingerezi. Chingerezi chomwe chija chimene chinamugwetsa kawiri. Anatenga dikishonale yake ya kusukulu nayamba kuwerenga, liwu ndi liwu. Mzere umodzi unkamutengera nthawi yophika nyemba. Koma apa panalibe mphunzitsi womuyang'anira kapena belu lomudula. Akapanda kumva ankabwereza.

Patapita masabata angapo anawafotokozera bambo ake zimene anapeza.

"Ababa, magemuwa sanapangidwire kompyuta ayi. Anapangidwira makina ngati a a Obedi aja. Ndiye pali pulogalamu, dzina lake emyuleta, imene imachititsa kompyutayi kudziyesa makina amenewo. Chilichonse chimene gemu yanena, emyuleta imayamba yachitembenuza kuti kompyuta imve."

A Pitala anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye ndi zija za kutchalitchi. Abusa anene m'Chichewa, womasulira atembenuze m'Chindebele, wina aikenso m'Chinambya. Ulaliki waufupi timatuluka njala itatipweteka."

"Ndi zomwezo, Ababa."

"Basitu, mupepuzire katundu womasulirayo."

Eldah anayamba kupepuza. Malangizo aja ankati munthu akhoza kuuza emyuleta kuti izidumpha zithunzi zina m'malo mojambula zonse. Atayesa, liwiro linabwera ndithu, koma omenyanawo ankangoti pano balamanthu, uko balamanthu, ngati afiti. Maso ankawawa. Anazimitsa mawu, gemu inapepukako, koma nkhonya zopanda phokoso zinalibe kukoma. Anachepetsa kukongola kwa zithunzi. Anatseka mapulogalamu ena onse amene ankadya mphamvu mwakachetechete. Chilichonse chimene ankapindula mbali ina ankachilipira mbali ina.

Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala, kuja kwa ku Hwange kumene ngakhale mbuzi zimakana kuyenda masana. Kompyuta inayamba kuuma pakati pa gemu, osayenda osabwerera. A Pitala anagwira bokosi ndi dzanja nalichotsa msanga.

"Ichi chikupsa. Bweretsa sikuludiraiva."

Atatsegula anapeza fumbi la malasha litayala ngati bulangeti, kafani kam'kati kakulephera kuzungulira. Anatulutsa bokosilo panja, a Pitala natenga mpope wa njinga. Atapopa kamodzi, mtambo wakuda unawaphulikira kumaso onse awiri. Anayang'anana, mano okha akuyera.

"Ndabwerera mumgodi," anatero a Pitala.

Anamangirira fani ina yaikulu imene inali m'bokosi lawo la zitsulo, ndipo kuuma kuja kunachepa.

Apa Eldah anaona kuti angayese mwayi. Anapita kwa a Obedi, mwini shopu uja, nawafunsa za makina akale. Anamutengera kuseri. Chimakinacho chinalipo, m'kati mwake zonse zitapsa kalekale, koma thabwa lake, tindodo towongolera ndi mabatani zinali zamoyo. M'munsi mwake nkhuku zinali zitasandutsamo poikira mazira.

"Ukadzutsa chimenechi," anatero a Obedi, "uchiike pakhonde la shopu, tizigawana zopezazo. Yesa Loweruka likubwerali."

Eldah ndi bambo ake anasamutsa nkhuku, anatengera chimakinacho kunyumba, anachitsuka, analowetsa kompyuta ndi sikirini m'kati. Anaphwasula kiyibodi, a Pitala nawotcherera nthambo zochokera ku tindodo ndi mabatani kupita ku kabolodi ka magetsi ka m'kati mwake, kuti munthu akakankha kandodo kompyuta iziona ngati wadina kiyibodi. Mbiri inawanda m'Lwendulu monse kuti makina a a Obedi auka kwa akufa.

Loweruka khonde linadzaza. Woyamba kugwira kandodo anali Pardon, kondakitala wa minibasi zija amati kombi, mnyamata wa pakamwa amene ankadzitama kuti ali mwana palibe ankamugonjetsa pa makina amenewa. Mnzake wina anaima mbali inayo.

Kunyumba Eldah ankayesa yekha, modekha. Apa panali amuna awiri akumenya mabatani ngati ng'oma. Gemu inayamba bwino, koma ndewu itangotentha zonse zinayamba kukwawa. Choipa koposa, onse awiri akadina nthawi imodzi mabatani ena ankangofa. Munthu wa Pardon anaima njo, akumenyedwa osabwezera.

"Hayi bo! Ndikudina koma sakumva!" anakuwa Pardon. "Sisi, ichi n'chinyengo!"

"Tshetsha! Tshetsha!" madala a mumgodi anayamba kufuula, monga ankawafulumizitsira akapitao awo. Anthu anafa nacho chiseko. Wina anayamba kutsanzira nkhonya yoyenda pang'onopang'ono, khonde lonse likuombera m'manja. Pasanathe nthawi anthu anabalalika, aliyense akunena zake.

A Obedi anapukusa mutu.

"Nkhuku zanga zinkandipindulira kuposa izi, mwana iwe."

Eldah anabwerera kwawo osayang'ana munthu kumaso, chimakina chija n'kuchibwezanso kunyumba. Anauza bambo ake kuti basi, kompyutayo agulitse, iye akafunenso ntchito ya m'nyumba.

A Pitala anamusiya alire kaye. Atatonthola anati:

"Ine ndagwira makina moyo wanga wonse. Makina okana amangokhala chete. Awa sanakane ayi. Atiuza pamene pakuwawa, ndipo atiuza malo awiri. Lero tadziwa zimene dzulo sitinkadziwa."

M'mawa mwake Eldah anatsegulanso malangizo aja. Kumapeto kwake kunali keyala ya malo ena pa intaneti pamene anthu okonda magemu akale amafunsana mafunso. Iye anali asanagwirepo intaneti. Anamva kuti ku Victoria Falls, kumene kumabwera alendo ambiri, kuli malo olipira n'kugwiritsa ntchito. Anayamba kuwiritsa mazira ndi kukazinga mtedza, n'kumagulitsa pa siteshoni ya makombi, mpaka za ulendo zinakwana.

Atafika kumeneko, mtsikana wa pamalopo anamuonetsa polemba. Eldah anakhala pansi patsogolo pa kompyuta. Ankadziwa kuti Chingerezi chake n'chothyokathyoka. Analemba, anafufuta, analembanso. Pomaliza anangotsinzina n'kutumiza. Anafotokoza mtundu wa kompyuta yake, kuchepa kwa mphamvu zake, kukwawa kwa gemu ndi kufa kwa mabatani.

Sabata yotsatira anabwereranso, mtima uli m'mwamba. Anapeza mayankho ali ndandanda, ochokera kwa anthu a m'mayiko amene ena sankadziwa n'komwe kuti ali mbali iti. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaseka Chingerezi chake.

Wina anamuuza chinthu chimene sakanachiganiza. Emyuleta imene anali nayo inali yatsopano, ndipo zatsopanozo zimalimbikira kutsanzira makina akale mwandendende, kanthu kalikonse, motero zimalemera. Yakale inali yosasamala kwambiri koma yopepuka. Anamulangiza atenge yakaleyo, ndiponso asamayatse pulogalamu yaikulu ija ya zithunzithunzi imene imayamba kompyuta ikayaka, koma aziyendetsa gemu kuchokera pa sikirini yakuda yongolembapo mawu. Wina anati awonjezere memore, timabolodi tija timene kompyuta imagwirizira zinthu pamene ikugwira ntchito. Wachitatu anafotokoza za kiyibodi: mabatani ake amagawana njira za magetsi, ndipo ena ogawana njira akadinidwa pamodzi amatsekerezana.

Eldah anaseka yekha pampando paja, anthu n'kumamuyang'ana.

Anakopera emyuleta yakale pa timadisiki ting'onoting'ono ta nthawi imeneyo, mafulope. Pobwerera anakhala kutsogolo kwa kombi, kathumba kali padzuwa. Atafika kunyumba fulope imodzi inakana kuwerengeka, ndipo popanda imeneyo zinazo zinalibe ntchito.

Anaiyesanso, koma inakanabe. Kenako anadzuka, anatenga poto, nayamba kuwiritsa mazira ena.

Ulendo wotsatira mafulope anawakulunga m'thaulo n'kuwaika pansi pa mpando.

A Obedi, amene mawu awo aja ankawavutitsa mumtima, anafika tsiku lina atasenza thumba la ufa lodzaza ndi ziwalo za makompyuta akufa. Anati mlamu wawo wa ku Bulawayo amatola zoterezi.

"Sindikudziwa ngati muli kanthu," anatero akukanda m'mutu. "Ndinalankhula moipa tsiku lija. Pakamwa pamathamanga."

"Zikomo, bambo," anatero Eldah, akuwomba m'manja.

Anayesa timabolodi ta memore kamodzikamodzi. Kena sikankalowa. Kena kankalowa koma kompyuta inkangolira ngati mwanapiye. Cha pansi pa thumba panapezeka kamene kanagwirizana nayo, ndipo memore inachuluka.

Nkhani ya mabatani inali ya a Pitala. Anatenga kapepala ka pulasitiki ka m'kati mwa kiyibodi, kamene kali ndi timizere tambirimbiri, nakayang'anitsa padzuwa. Analondola mzere uliwonse ndi nsonga ya msomali monga ankalondolera nthambo za mumgodi, Eldah akudina ndi kuwauza zimene zikuoneka. Anasankha mabatani osatsekerezana, namasula nthambo zonse n'kuziwotchereranso mwatsopano.

Linali tsiku wamba, masana, pamene zonse zinakumana. Eldah analemba lamulo pa sikirini yakuda nadina. Nyimbo inatuluka yosalala, yopanda chibwibwi. Omenyana aja analowa akudumphadumpha ngati adya bwino.

"Gwirani uko, Ababa. Dinani zonse, musazimvere chisoni."

Anamenya mabatani onse awiri, mwamphamvu, mwachisawawa. Palibe limene linafa. Nkhonya inkafika chala chisanachoke pa batani. Ndewu inatentha, moto ndi mphezi zili ng'aning'ani pa sikirini, koma liwiro silinatsike.

"Mushe sitereki!" anakuwa a Pitala m'Chilapalapa cha mumgodi, kutanthauza kuti zili bwino kwambiri, naimirira n'kuyamba kuvina pakati pa nyumba, mawondo akulira.

Mai Rosa anamva phokoso la nkhonya ndi kukuwa, anathamanga atanyamula munsi m'manja poganiza kuti kwa a Pitala kwalowa akuba. Anapeza bambo ndi mwana wake akuvina. Eldah anawakokera pa makina.

"Tayesani, amayi."

"Ine? Mayi wa Mvano ndizimenya anthu?"

Anayesa. Tomato wawo tsiku limenelo anagulitsa ndi ena.

Loweruka lotsatira pa shopu panabwera anthu ochepa, ndipo ambiri a iwo anabwerera kudzaseka. Pardon anafika akutsanzira nkhonya ija yapang'onopang'ono. Anagwira kandodo monyoza. Gemu itayamba, nkhope yake inasintha. Anasiya kulankhula, zimene anthu a ku Lwendulu anali asanaonepo. Atamaliza anatembenuka.

"Sisi, wenzeni? Mwachita chiyani?"

"Ndachotsa katundu," anatero Eldah.

"Ndipatseninso."

"Pita kumbuyo kwa mzere," anatero a Obedi, chifukwa mzere unali utayamba kale.

Kuyambira pamenepo khonde la a Obedi silinkauma. Amuna ankafika kuchokera ku shifiti zipewa zili kumutu, n'kusanduka ana. Ana asukulu ankaloledwa akaweruka okha, chifukwa Eldah ankathamangitsa aliyense wovala yunifomu nthawi ya makalasi. Ankadziwa kuwawa kwa kulephera, ndipo sankafuna kuti makina ake akhale chifukwa cha wina.

Musaganize kuti magemu onse anatheka. Panali ena a mpikisano wa galimoto, a zithunzi zozama, amene Eldah analimbana nawo miyezi. Anadumphitsa zithunzi, anazimitsa mawu, anayesa zonse, koma galimoto zinkayendabe ngati zili m'matope. Tsiku lina anangowachotsa pa mndandanda. Anati ndi bwino kupatsa anthu magemu ochepa oyenda bwino kusiyana ndi ambiri otsimphina.

Anthu ataona kuti mtsikanayo amamvana ndi makompyuta, anayamba kumubweretsera awo. Aphunzitsi, a m'maofesi, abusa. Ena ankamusiyira akufa, iye n'kuphatikiza awiri kapena atatu kukhala imodzi yamoyo. A Obedi anakhoma mabokosi ena a matabwa, ndipo makina anachuluka pakhonde. Kompyuta iliyonse inali ndi khalidwe lake. Ina inkafuna emyuleta iyi, ina iyo, ina inkafuna mawu achepetsedwe pang'ono. Eldah ankaziphunzira zonse ngati mayi wodziwa ana ake.

M'chaka cha 2006 analembanso mayeso a Chingerezi ndi masamu, osauza anthu ambiri. Atakhala m'chipinda cha mayeso anadabwa kuona kuti ndime zimene kale zinkamuopsa zinali zofewa poyerekeza ndi malangizo a emyuleta. Anakhoza onse awiri. A Pitala anayenda nyumba ndi nyumba kulengeza, ngakhale kwa anthu amene sanafunse.

Kenako zinafika zaka zovuta zija, pamene mashelefu a m'mashopu anayera ndipo ndalama ya m'mawa inkakhala pepala chabe pofika madzulo. Mabizinesi ambiri anatseka. Koma anthu ankafunabe poiwalira mavuto, ngakhale kwa kanthawi. Ankabwera ndi dzira, kapu ya shuga, tinsomba ta kapenta todzaza dzanja, kachidutswa ka sopo, n'kusewera. Amene analibiretu kanthu Eldah ankamulola kusewera akasesa pakhonde. Kwa a Pitala moto sunazime, ndipo nthawi zina mbale inkadutsa mpanda kupita kwa anansi. Masana a Lamlungu ankatseka magemu n'kuphunzitsa atsikana a m'deralo kulemba pa kompyuta ndi kutsegula bokosi osaopa.

Pa Khirisimasi ya 2008 anthu ambiri analibe nyama, analibe zovala zatsopano. Eldah anati ngakhale zili choncho, tsikulo lisadutse ngati tsiku wamba. Analengeza mpikisano wa gemu ya nkhonya. Mphotho inali tambala mmodzi wa a Obedi.

Anthu anabwera kuchokera m'madera onse a tauniyo, ena mpaka a ku Baobab. Anasewera kuyambira atatuluka m'tchalitchi. Madala anagwa, anyamata anagwa, a Pitala anatuluka pa ndime yoyamba akudandaula kuti dzuwa linawathobwa m'maso. Pomaliza panatsala anthu awiri. Pardon, monga aliyense ankayembekezera. Ndi Mai Rosa.

Mayiwo anali akhala akusewera mwakachetechete zaka zonsezi, nthawi ya masana pamene tomato sayenda malonda. Anamanga chitenje mwamphamvu, anavula magalasi a m'maso n'kuwapukuta, naima pa makina.

"Mama, ndikuchitirani chifundo," anatero Pardon.

"Chifundo ukachitire okwera kombi yako, mwanawe. Dina."

Ndime yoyamba anapambana Pardon. Yachiwiri Mai Rosa, amayi onse akululutira. Yachitatu itangoyamba, magetsi anazima.

Khonde lonse linabuula. Aliyense ankadziwa kuti akapita chonchi akhoza kubwera mawa. Ena anayamba kutola mipando yawo. Eldah anayang'ana nkhope za anthuwo, anthu amene chaka chonse anali asanasangalale chonchi, ndipo anakwera pa kreti.

"Musapite! Ndani akudziwa kumene magetsi alipo?"

Bambo wina wogwira ntchito ku njanji anakweza dzanja. Anati kwawo, kufupi ndi siteshoni, ali pa nthambo ina, ndipo pochoka anasiya wailesi ikulira.

"Ndiye tikupita konko," anatero Eldah.

A Obedi anatulutsa ngolo yawo yokankha. Amuna ananyamula chimakina chija n'kuchigoneka pa matiresi, Eldah atayamba waonetsetsa kuti za m'kati zamangidwa bwino. Ulendo unayamba. Kutsogolo kunali ngolo, pambali a Pitala akulondolera okankha ngati wapolisi wa pamsewu, kumbuyo mwana wa a Obedi wamkulu atakumbatira tambala. Amayi a Mvano anayambitsa nyimbo ya Khirisimasi m'Chichewa, achinyamata anailandira m'Chindebele, ena m'Chinambya, ndipo inayenda bwinobwino. Anthu ankatuluka m'nyumba kufunsa kuti ndi ukwati wa ndani. Akauzidwa, ankatseka chitseko n'kulowa m'gulu. Pofika ku siteshoni chigulucho chinali chitadzaza msewu, makombi akuimba mahutala kuti adutse.

Anaimika makina pabwalo la bambo uja, nthambo inatuluka pawindo. Eldah anagwada, anatsegula kumbuyo, anakankhira memore imene inagwedera ndi mabampu, nadina batani. Anthu onse anasendera pafupi. Sikirini yakuda inaoneka. Analemba lamulo lake. Nyimbo ya gemu italira, chisangalalo chake anachimva ndi a kutsidya kwa njanji.

Ndime yomaliza inali yoopsa. Onse awiri anatsala ndi kamphamvu kochepa. Pardon analumpha kuti amalize, Mai Rosa anabwerera m'mbuyo pang'ono, namulandira ndi chibakera chimodzi cha m'mwamba.

Amayi anawanyamula Mai Rosa m'mwamba, tambala ali m'manja. Pardon anagwira kumutu, kenako anaseka, nagwada pamaso pawo n'kuwomba m'manja.

"Ngiyabonga, mama, zikomo. Mawa mukwera ulere."

Eldah anaima pambali pa makina ake, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana anthu a mitundu yonse ya m'tauniyo akuvina pabwalo la munthu amene ambiri sankamudziwa n'komwe. Bambo wa ku njanji uja anafika pafupi ndi a Pitala nafunsa kuti katswiri wakonza zonsezi anaphunzira kukoleji iti.

A Pitala anatukula chifuwa.

"Funsani mwini wake. Ndi uyo waima apoyo. Ine ndimangomugwirira nthambo."

Chaka chotsatira zinthu zitayamba kukhazikika, Eldah anatsegula kashopu kake kokonza makompyuta ndi kuphunzitsa, ndipo awiri mwa atsikana ake a Lamlungu anakhala antchito ake oyamba. Makina a pakhonde la a Obedi anapitiriza kulira.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina chimene muli nacho m'manja n'chakale, n'chochedwa, ndipo ena anachitaya. Mwina munayesapo pagulu anthu n'kukusekani. Bwererani mukaone pamene panavuta. Funsani, ngakhale chilankhulo chanu chikhale chothyoka, pakuti kunja kuno kuli anthu okonzeka kuyankha. Ndipo tsiku limene magetsi adzazime pakati pa chisangalalo chanu, musadzatole mpando n'kupita kukagona. Funsani kumene akuyaka, kwezani katundu wanu pa ngolo, muyambe kukankha. Mudzadabwa kuchuluka kwa anthu amene adzakutsatireni akuimba.

Limbani mtima, ndipo musaleke.